Tsabola Amene Sanaloledwe Kufiira

Lolemba lapitali ndinalandira dandaulo. Ndinali nditangofika kuchokera kusukulu kumene ndimaphunzitsa, choko chidakali m'zala, pamene a Kambalame, mkulu wa mpingo wathu, anatsamiritsa njinga yawo pampanda n'kundipatsa moni wa munthu wolakwiridwa.

"Aphunzitsi," anatero, "tsabola wanu uja ndi wodwala. Amayi kunyumba anamudulira yense m'ndiwo, koma ngakhale mwana sanatsokomole. Kapena manyowa anachepa?"

Ndinawathokoza chifukwa cha uphungu wawo. Ndinawapepesanso. Inde, owerenga anga, ndinapepesa munthu amene anandidyera tsabola wanga womaliza, pa mlandu woti tsabolayo sanamuwotche mkamwa. Ndinaleredwa bwino ine.

Koma ndiyambire poyambira.

Malemu achimwene anga a Laisoni anagwira ntchito yophika kwa azungu ku Zomba zaka zambiri. Chuma sanasiye. Anasiya jekete limodzi, wailesi yofuna kumenyedwa kaye kuti iyankhule, ndi kabokosi ka machesi kodzaza njere za tsabola. Sindikunena kambuzi wathu uja wotulutsa misozi. Ndikunena tsabola wamkulu ngati chibakera, wosawawa, amene m'tauni amati girinipepa. Kusiyana kwake n'kwakuti achimwene sankamuthyola ali wobiriwira. Ankamusiya pamtengo mpaka afiire psuu, ndipo akatero amatsekemera, umatha kumudya wosaphika. Chaka chilichonse ankasankha wofiira bwino, n'kuchotsa njere, n'kuziyanika pamthunzi. Njere za wobiriwira sizimera, zimakhala zisanakhwime.

Atamwalira chaka chatha, kabokosi kaja kanabwera kwa ine. Njere zinali zitakhalitsa, ndiye ndinafesa zonse panazale poopa kuti zambiri zinafa kale. Zinamera zochepa. Ndinawokera mbandezo m'kadimba kuseri kwa nyumba, ndinathira manyowa a nkhuku owolerana bwino, ndinaphimbira nthaka ndi udzu kuti chinyezi chisathawe. M'mawa uliwonse, anzanga akusita malaya, ine ndinali pa ulendo wa kumtsinje ndi ndowa. Nsabwe zitagwa pamasamba ndinalimbana nazo ndi phulusa ndi madzi a fodya. Cholinga changa chinali chimodzi chokha: tsabola mmodzi, mmodzi yekha, afiire, ndipeze njere, kabokosi ka achimwene kadzalenso.

Kodi pamenepa ndinapempha zambiri?

Chimene ndinaiwala n'chakuti ine ndine mkamwini. Kwa inu a kumpoto amene simudziwa, kuno kwathu mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi. Nyumba ndinamanga ndine, koma dothi limene yakhalapo ndi la akuchikazi. Kadimba ndinalima ndine, koma nthaka yake ndi ya apongozi. Choncho chilichonse chomera pamenepo chili ndi eni ake ambiri, ndipo wothirira ndiye womaliza pamndandanda.

Maluwa oyera atayoyoka, titsabola titangoyamba kulendewera, alendo anayamba kundikonda. Pa zaka zonse zimene ndakhala m'mudzi muno sindinachezeredwepo chonchi. Anthu amene sanabwere nditagona ndi malungo anayamba kudera nkhawa za moyo wanga.

"Odi kuno! Alamu, mwadzuka bwanji? Timati tikuoneni. Iii, koma dimba lakula bwino ili! Tingothyolako awiri, ana akalawe."

Awiri. Mawu amenewa ndawaphunzira bwino. Ine ndimaphunzitsa masamu, koma awiri a m'mudzi muno sali m'buku lililonse. Awiri amadzaza nsonga ya chitenje. Ndipo taonani ulemu wake: munthu amapempha dzanja lili kale pamtengo, tsabola atathyoka kale, kuti iwe usavutike ndi kuganiza yankho.

Ndinayesa kufotokoza. Ndinauza mlamu wanga wina kuti tsabola ameneyu sanapse, akufunika masabata ena angapo kuti afiire. Anandiyang'ana mwachisoni, ngati mmene timayang'anira munthu amene sukulu yamusokoneza mutu.

"Alamu, dzina lake lomwe ndi girinipepa. Mukufuna afiire kuti atani? Akafiira ndiye kuti waola."

Ndinapita kwa mayi a kunyumba, Nachisale, kuti ayankhule ndi abale awo. Anandiyankha akupeta mpunga, osatukula mutu.

"Bambo, mukufuna nditchuke kuti ndine womana ndiwo? Tsiku limene pakhomo pano padzagwe zovuta, adzatiphikira ndani? Tsabola wanuyo?"

Sindinawatsutse, chifukwa ankanena zoona. Kuno ukhoza kumana munthu njinga, ukhoza kumumana wailesi, anthu amvetsa. Koma ndiwo? Womana ndiwo amakumbukiridwa mpaka pamaliro ake.

Mitengo inapitiriza kubereka, anthu anapitiriza kundikonda. Pofika mwezi watha panatsala mtengo umodzi wokha wamphamvu, pakona, uli ndi tsabola atatu akuluakulu. Ndinaona kuti kupempha kwalephera, kufotokoza kwalephera, mpanda nawo ndi wongokongoletsa. Ndiye ndinachita chimene anthu akuno amamva. Ndinatenga kabotolo ka inki kopanda kanthu, ndinathiramo phulusa, ndinatsekapo ndi nthenga ya nkhuku, n'kukamangirira pamtengo uja ndi ulusi wakuda. Sindinauze munthu kuti ndatsirika dimba. Ndinangomangirira basi, n'kupita kusukulu.

Abale anga, zodabwitsa zilipo.

Chikondi chonse chija chinatha tsiku lomwelo. Alamu anayamba kundipatsira moni kumsewu. Ana amene ankadumpha mpanda anayamba kuzungulira kutali. Mbiri inamveka kuti wina anangoloza mtengowo chala n'kutupa, ndipo pofika kumsika wa Lachisanu chalacho chinali chitasanduka mkono wonse. Munthu wamoyo, wokhala ndi pakamwa, anapempha mwaulemu kwa miyezi, osamveka. Kabotolo kopanda pakamwa kanamveka m'mawa umodzi.

Ndipo tsabola anayamba kusintha. Poyamba anada pang'ono mbali imodzi, kenako kufiira kunayamba kutsika kuchokera kumtunda. Ndinkapita kukamuona ndisanasambe n'komwe. Ndisabise, tsiku lina ndinaima pamenepo misozi ili m'maso, chifukwa ndinaona chinthu chimene ndinachiona komaliza m'manja mwa achimwene. Ndinati ndidikire pang'ono, afiire yense, njere zikhwime bwino.

Koma mbiri imene inathamangitsa alamu inakafikanso kutchalitchi.

Loweruka m'mawa kunabwera a Kambalame ndi akuluakulu ena awiri, atavala majekete, mabuku a nyimbo ali m'manja. Tinawayalira mphasa, tinawapatsa mipando. Apongozi anga anakhala chapatali, atayang'ana kumbali monga mwa mwambo, koma makutu ali kuno.

"Aphunzitsi," anayamba a Kambalame, "tamva zoti m'dimba mwanu muli zachikunja. Inu munthu wophunzira, woimba kwaya, wophunzitsa ana athu. Zoona zimenezi?"

Ndinaseka, n'kuwauza kuti ndi kabotolo ka inki chabe, mulibe mankhwala alionse, ndimangofuna kuopseza anthu kuti tsabola apse.

Anayang'anana.

"Ndiye kuti mwanamiza mudzi wonse," anatero a Kambalame. "Bodza nalonso ndi tchimo, aphunzitsi."

Mwaona kukongola kwa mlandu umenewu? Kabotolo kakakhala koona, ndine wachikunja. Kakakhala konama, ndine wabodza. Za anthu amene anakolola dimba la mnzawo kwa miyezi sizinatchulidwe, pakuti amene aja sanabe, anangothyolako awiri.

Tinalowa m'dimba. A Kambalame anadula ulusi uja ndi lumo, anagwira kabotolo ndi tsamba la nthochi, pakuti ngakhale anakhulupirira kuti ndi ka inki sanafune kukakhudza ndi dzanja, n'kukakaponya m'chimbudzi. Tinaimba nyimbo. Tinapemphera pemphero lalitali lopempha kuti dimba limeneli likhale dalitso kwa anthu onse. Pa mawu akuti "anthu onse" ndinamva Amen wamphamvu kuchokera kuseri kwa mpanda.

Ndinalowa m'nyumba kukavala nsapato kuti ndiperekeze alendo. Potuluka ndinapeza pa handulo ya njinga ya a Kambalame pakulendewera kajumbo, ndipo mkati mwake mukuoneka zofiira. Apongozi anali ataima poteropo, akupukuta manja pachitenje, nkhope ili yowala.

"Atumiki a Mulungu angachoke pakhomo pano chimanjamanja?" anatero, akuyankhula kwa mwana wawo koma kuti ndimve ndine. "Ndawathyolera tomwe tinatsala tija. Tinayamba kale kuwonongeka, tafiira."

Ndikanatani? Mkamwini amene wangokhululukidwa kumene tchimo, alande mphatso m'manja mwa mkulu wa mpingo, apongozi akuona? Ndinawaperekeza mpaka pamsewu, ndikuyenda pambali pa kajumbo kaja, ndikuyankha "zikomo, zikomo" pa malangizo onse a moyo wachikhristu.

Tsopano musaganize kuti ndalemba zonsezi kuti mundilirire. Ndalemba chifukwa kuyambira Loweruka lija, kulikonse kumene ndayang'ana ndikuona girinipepa.

Tayang'anani mitengo ya mango m'chigwa chino. Ndi liti pamene munadya bango lopsera pamtengo? Ana amawagenda akadali ngati mazira a nkhunda, amadya ndi mchere, akuluakulu n'kumaseka. Nthochi timadula zisanakhwime n'kuzifotsera m'dzenje ndi utsi, chifukwa ukazisiya usiku umodzi wina akuthandiza kudula. Chimanga timachikolola chisanaume n'kumadandaula kuti chikufumbwa. Kwezani maso kuphiri la Malosa muone mitengo imene ikutsika pamitu ya anthu: ina ndi yoonda ngati mpini wa khasu, sinaone n'komwe mvula zokwanira.

Tikanalekera pa zomera zikanakhala bwino. M'kalasi langa, mtsikana akangoyamba kumvetsa masamu, akangoyamba kukweza dzanja mosaopa, kumabwera amalume ake kudzanena kuti kwapezeka mwamuna. Ukati adikire amalize sukulu, amakuyang'ana ngati mmene anandiyang'anira mlamu wanga uja. Afiire kuti atani? Sukulu yaulere itabwera tinakondwa tonse, ana anadzaza mpaka pansi pa mitengo, ndipo tinathyola anyamata ndi atsikana ongomaliza kumene mayeso n'kuwaimika kutsogolo kwa ana kuti ndi aphunzitsi. Ena a iwo ndi akhama kwambiri, ndimawamvera chisoni. Koma anathyoledwa ali obiriwira, ndipo mawa tidzawadandaula kuti sakukoma.

Ngakhale matipate athu omwewa, ulamuliro wa zipani zambiri, amene tinawavinira m'misewu dzana lomweli, aliyense wafika kale ndi chitenje chake kudzathyolako awiri.

Musandimve molakwa. Kugawana ndiwo ndi mwambo wabwino, ndipo ine ndadyapo nkhwani ndi therere la anthu ambiri m'mudzi muno. Nachisale sananame, pakhomo pakagwa zovuta amabwera ndi anthu omwewa, nkhuni zili pamutu. Chimene chikundiwawa n'chakuti mwambowu ulibe malo a mawu akuti "dikirani". Tikudziwa kupempha, tikudziwa kupatsa, koma kusiya chinthu pamtengo kuti mawa kudzakhale mbewu timakuyesa umbombo. Aliyense amathyola msanga chifukwa akudziwa kuti akapanda kutero athyola mnzake. Mapeto ake tonse timadya zosapsa, ndipo takhala tikudya zosapsa nthawi yaitali moti tikaona chakupsa timati chaola.

Ndibwerere kwa a Kambalame, amene ndawasiya ataima pampanda ndi dandaulo lawo. Nditatha kupepesa, ndinafunsa chimene chinandisowetsa tulo kuyambira Loweruka.

"Bambo, nanga njere zake? Mwina amayi anasungako?"

"Njere?" anadabwa. "Anataya kudzala. Kodi zimadyedwa?"

Ndinawapempha kuti ndikaone. Choncho ngati munadutsa cha kumeneko Lolemba madzulo, n'kuona mphunzitsi wa masamu atagwada padzala la mkulu wa mpingo, akufukula makoko a nthochi ndi kamtengo, nkhuku zikumuyang'ana, ameneyo ndinali ine. Nkhuku zinali zitandiyambira kale. Sindinapeze ngakhale njere imodzi.

A Kambalame anandilimbitsa mtima pondiperekeza. "Musadandaule, aphunzitsi. Chaka chamawa mudzabzale kambuzi. Ameneyo ndiye tsabola."

Kabokosi ka machesi kali pawindo, kopanda kanthu. Ndimakaona m'mawa uliwonse, ndipo mtima umandipweteka, chifukwa achimwene anasunga mbewu imeneyi zaka zonse zija ali wantchito pakhomo pa eni, ine ndaitaya m'chaka chimodzi ndili pakati pa abale. Nachisale, amene masiku ano akundithirira shuga wambiri mu tiyi, akuti ndisataye mtima. Akuti nkhuku sizitola zonse, mwina mvula ikagwa kanthu kadzamera padzala paja.

Mwina kadzameradi. Ndidzapita kukakazula mosamala, ndidzakawokera pakona pomwe paja, ndidzayambiranso ulendo wa kumtsinje ndi ndowa. Zonsezo ndikhoza. Koma inu amene mukuwerenga, inu alamu anga okondedwa, tsiku limene mudzaone tsabola mmodzi akulendewera kuseri kwa nyumba yanga, wobiriwira, wonenepa, ine ndili kusukulu, dzanja lanulo mudzaliuza chiyani?