Chipsera cha pa Mwendo wa Ababa

Linali Lachitatu, teni koloko ya m'mawa, belu la buleki litangolira, pamene amayi anatulukira pabwalo la sukulu yathu. Sanasinthe zovala. Anabwera ndi chitenje chimene ankawambira nsomba, fungo la utsi ndi mlamba lili patsogolo pawo. Ine ndinali Sitandade 5, ndili pamzere wosamba m'manja pakhomo pa laibulale. Nditawaona ndinayamba ndachita manyazi, kenako mantha, chifukwa amayi sankabwera kusukulu ngakhale tsiku lotsekera.

"Esinati, a madamu a makina aja ali kuti?" anandifunsa. M'dzanja anali atagwira chithunzi cha ababa.

Ababa anali ku Joni, chaka chachiwiri. Nsomba zitayamba kusowa m'nyanja anagulitsa ukonde, n'kupita ndi anzawo a ku Malindi kukagwira ntchito yomanga nyumba. Mwezi ukatha ankaimba foni kugolosale ya a Saidi, ife n'kuthamangira komweko kukamva mawu awo. M'mawa umenewo wailesi ya pagolosalepo inanena kuti ku Joni akuthamangitsa alendo, akuwotcha tinyumba tawo, ndipo ena aphedwa. A Saidi anayesa nambala ya ababa kangapo, sinalowe. Wina mwa anthu amene anali pamenepo anauza amayi kuti kusukulu kuli makina oonetsa zochitika kunja.

Laibulale yathu inali chipinda chimodzi kumapeto kwa makalasi, zenera lake loyang'ana kunyanja. Munkamveka fungo la mapepala akale, polishi wa pansi ndi zitosi za mileme ya kudenga. Pakona panali kompyuta imodzi yoyendera sola, yofundikidwa nsalu ngati mkate. Woyang'anira anali a Madamu Mkwanda, mayi wamtali wosasekaseka, magalasi awo omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Malamulo awo tonse tinkawadziwa pamtima. Usanalowe unkasamba m'manja ndi sopo, chifukwa manja athu ankanunkha usipa. Unkabwereka buku limodzi, kwa sabata imodzi, ndi khadi lako. Mabuku omata tepi yofiira sankatuluka pakhomo. Kompyuta inali ya a Sitandade 7 ndi 8 okha, pa zamaphunziro zokha, a madamu ali chiimire kumbuyo kwawo.

Amayi anagwada pakhomo penipeni, ana onse akuona.

"Ndamva kuti makina anuwa amaona ku Joni. Mumulole mwanayu ayang'anemo bambo wake. Iyeyu amatha kuwerenga."

"Dzukani, mayi," anatero a madamu. "Mwana wa Sitandade 5 sakhudza kompyuta. Ndiponso si ya nkhani, ndi ya sukulu."

Amayi sanadzuke. Anangotambasula dzanja lomwe munali chithunzi. A madamu anachilandira, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Muzibwera Lolemba ndi Lachinayi, ana akaweruka. Ndiziyang'ana ndekha. Inu ndi mwanayu muzikhala panja."

Inali nyengo ya mwera. Mphepo inkawomba usana ndi usiku, nyanja itada, mafunde akumenya mchenga mpaka kumveka m'kalasi. Mabwato onse anali pamtunda, matandala oyanikapo usipa ali mbee. Milomo yathu inang'ambika, miyendo inatuwa. Kunyumba udzu wa padenga unkatukuka, mchenga n'kumalowa m'chakudya. Amayi ankangotapa kawiri n'kusamba m'manja. Azimayi a kutchalitchi ankabwera kudzapemphera nafe, ndipo potuluka ankalankhulana motsitsa mawu kuseri kwa nyumba. Aliyense anali ndi nkhani yake. Uyu akuti anyamata a ku Nkopola abisala kupolisi, uyo akuti munthu wina wa ku Monkey Bay amuwotcha. Dzina la ababa palibe amene ankalitchula.

Lolemba ndi Lachinayi tinkakhala pakhonde la laibulale, misana titatsamira khoma lozizira. A madamu ankatseka chitseko ndi mpiringidzo, pazenera n'kupachikapo chitenje. Tinkamva kompyuta ikulira pang'onopang'ono, kenako zii. Masiku a mitambo moto wa sola unkatha msanga, iwo n'kutuluka asanaone kanthu. Masiku ena ankatuluka n'kunena mawu awiri okha: "Lero mulibe." Amayi ankathokoza akuwomba m'manja, ife n'kumapita kwathu.

Ine ndinkadana nawo a madamu. Chithunzi chimene anali nacho chinali cha paukwati, ababa ali mnyamata, atavala suti yobwereka, tsitsi litapesedwa. Ababa amene ndinkawadziwa ine anali ndi ndevu ndi makwinya a dzuwa. Ndinkadziwa kaimidwe kawo, ndinkadziwa mmene ankapendekera phewa ponyamula nkhafi. Mumtima ndinkati, mayi ameneyu angawadutse osawazindikira, pamene ine ndingawaone ngakhale atatembenuka. Koma lamulo linali lamulo.

Tsiku lina ndinapempha kubwereka buku la mapu, kuti ndikaonetse amayi kumene kuli Joni. Linali ndi tepi yofiira. A madamu anakana, koma anandipatsa pepala lopyapyala ndi pensulo, n'kundiuza kuti ndiliike pamwamba pa mapu ndijambule motsatira mizere. Ndinajambula nyanja yathu ngati nyemba yaitali, Joni ngati kadontho kumunsi. Amayi anaika chala chachikulu panyanja, chaching'ono n'kufika pa kadonthoko.

"Pafupi chonchi," anatero, "osangobwera wapansi bwanji?"

Lachinayi la sabata yachitatu a madamu anachedwa kuposa masiku onse. Mthunzi wa mtengo wa mango unachoka pabwalo n'kufika pamapazi athu. Kenako mpiringidzo unalira, chitseko n'kutseguka pang'ono chabe, iwo ataima pampatapo.

"Mayi, amuna anu ali ndi chizindikiro chilichonse pathupi?"

Amayi anaimirira. "Kodi nkhope simukuiona?"

A madamu anangopitiriza kufunsa. "Chipsera, mphini, chala chopindika, chilichonse."

"Chipsera chilipo, pamwendo. Mbedza ya kampango inawang'amba ali anyamata."

"Mwendo uti?"

"Wamanzere," anatero amayi. Kenako anati, "Ayi, dikirani." Anagwira mwendo wawo uwu, n'kugwira winawo. Munthu amene anakhala naye zaka zonse zija anawasokonekera pamenepo.

"Wamanja," ndinatero ine. "Pakatumba, chachitali ngati chala changachi." Ndinkachidziwa chifukwa ababa akamasoka ukonde ndinkakhala pamapazi awo, n'kumachisisita.

Ndinayesa kudutsa pansi pa mkono wawo. "Ndiloleni ndilowe, madamu, ine ndikawadziwa msanga."

Anandigwira paphewa mwamphamvu mpaka kuwawa. "Ukangoponda muno, khadi lako ndilanda mpaka chaka chitha." Chitseko chinatsekedwa, mpiringidzo n'kubwerera.

Ndinazungulira kuseri, kuzenera. Mphepo inkalowa pagalasi losweka n'kumatukula ngodya ya chitenje, koma kompyuta inali itatembenuzidwira kukhoma. Ndinangoona a madamu chakumbali, nkhope ataiyandikitsa pagalasi la makinawo, dzanja litatseka pakamwa. Nditabwerera pakhonde ndinapeza amayi atagwada, akunena pemphero la Ambuye. Ankafika pa chakudya chathu cha lero n'kuima, n'kuyambiranso poyamba. Ndinawagwira chitenje. Sindikudziwa kuti tinakhala choncho nthawi yaitali bwanji. Ndimangokumbukira phokoso la mafunde ndi lata limodzi la padenga limene linkangomenyeka.

Chitseko chitatseguka, a madamu anali atavula magalasi.

"Si iwo," anatero. "Mwendo wamanja ndi wosalala."

Amayi anakhala pansi padothi, miyendo atatambalala, n'kuyamba kulira ndi kuseka pamodzi. A madamu anatidutsa osatiyang'ana, n'kupita pamjigo. Anapopa madzi, anasamba kumaso, anasambanso, kenako anangoima atagwira chitsulo cha mjigowo. Ine ndinkaganiza kuti mchenga wawalowa m'maso.

Tinapitabe pakhonde paja masabata ena awiri. Mwera usanathe, mabasi anayamba kutsitsa kuboma anthu othawa ku Joni, ndipo tsiku lina masana ababa anatulukira panjira ya kuchigayo. Anali ataonda, atavala jekete la munthu wina, m'manja muli jumbo imodzi. Foni anawalanda tsiku loyamba lija, ndipo nthawi yonseyo ankagona m'tenti pabwalo la tchalitchi china. Zimene anaona sanatiuze mpaka kumwalira kwawo. Anabwerera panyanja, kukapalasa bwato la eni. Amayi anapita kusukulu ndi chambo ziwiri m'beseni. A madamu anati nsomba sizilowa mulaibulale, n'kukazilandirira pansi pa mango.

Sukulu ndinalekera Sitandade 6, choncho kompyuta ija sindinaikhudzepo. Kwa zaka zambiri ndikakumbukira a Madamu Mkwanda ndinkangoti anali mayi wouma mtima, wokonda malamulo kuposa anthu.

Ndinakwatiwa, ndipo amuna anga, bambo a Lusiya, nawonso anapita ku Joni monga amachitira amuna ambiri kwathu kuno. Chaka chatha galimoto inawagunda akuchokera kuntchito, n'kufera pomwepo. Munthu asanabwere kudzandiuza, chithunzi chawo chinali chitafika kale pafoni yanga, pagulu la anthu a kumudzi kwathu. Ndinali pathandala, ndikuyanika usipa. Ndinatsegula ndi manja a mamba, ndili ndekha. Ndinawadziwa ndi malaya, chifukwa ndinawagula ndine.

Pamene ndinali mwana ndinkaona ngati a madamu akundibisira ababa. Sindinadzifunse kuti n'chifukwa chiyani munthu angafunse za mwendo pamene chithunzi cha nkhope ali nacho m'manja. Mayi uja ankayang'ana mitembo ya anthu osawadziwa kawiri pa sabata, mmodzimmodzi, chifukwa cha ife, kenako n'kupita kwawo kukaphikira ana ake. Ine ndinaona chithunzi chimodzi chokha, ndipo mpaka lero chimandibwerera ndikatseka maso.

A madamu anapuma ntchito, anabwerera kwawo, sindinawathokoze. Lusiya ali Sitandade 4 pasukulu yomweyo, ndipo Lachisanu lililonse amabwera ndi buku limodzi, amandiwerengera ndikamasankha nsomba. Ine ndimagulitsa usipa pamsika wa ku Mangochi. Foni ndimaimanga pamfundo ya chitenje, ndipo chilichonse chimene chafikapo ndimakachitsegula ndekha kuseri kwa nyumba, ana asanaigwire.