Mavidiyo Anga Onse Atasanduka Malume

Amayi sadapemphe zambiri pa mwambo wa chiliza cha bambo. Adati za mbuzi aona abale, za nyimbo aona a kumphakati, koma ine ndibwere ndi vidiyo ya ukwati wa mng'ono wanga. "Ndikufuna ndiwaonenso abambo ako akuvina," adatero. Bambo adali munthu wosavina. Moyo wawo wonse adagwedeza thupi kamodzi kokha, pa perekaniperekani wa ukwati umenewo, ndipo wojambula ndidali ine. Sidi imene ndidapatsa akwatiwo, ana awo adaisandutsa chiwongolero cha galimoto yamawaya. Ndidawayankha amayi monyada kuti asade nkhawa, zanga zonse zili pabwino.

Ndimaphunzitsa pa pulayimale ina kuno ku Bembeke, koma Loweruka ndimakoleka kamera pakhosi. Ndajambula maukwati, maubatizo, mipikisano ya makwaya, ngakhale misonkhano ya alangizi yophunzitsa kupanga manyowa. Mafayilo a vidiyo ndi zimphona, laputopu yanga idakhuta msanga. Choncho ndidachita lendi nkhokwe ya pa intaneti, ija odziwa amati mtambo, n'kumakankhira zonse kumeneko. M'nkhokwemo muli kapulogalamu kogwira ntchito ya ukalaliki: fayilo ikangolowa, iko kamaiona, kamaipatsa dzina, n'kuiika m'foda yake. Kakapeza mafayilo ofanana, kamasunga imodzi, enawo kamawataya ku foda ya zobwereza, komwe amafufutika okha pakapita nthawi. Ine ndidangovomera zonsezo osawerenga, n'kufufuta mamemore khadi anga mtima uli zii. Paja amati pakadafunda padajiwitsa galu.

Nditatsegula nkhokwe kuti nditenge ukwati uja, ndidapeza foda ya maukwati ili mbee. Ya maubatizo chimodzimodzi. Padali foda imodzi yokha yonenepa, kalaliki wanga ataitcha kuti "mwamuna wachikulire akulankhula". M'menemo mudatsala vidiyo imodzi, ya manyowa. Ena onse adali ku zobwereza, mayina atasinthidwa kukhala manambala, ndipo pamwamba padali chenjezo lofiira loti kufufuta kwayandikira. Kachithunzi ka fayilo iliyonse kadali nkhope imodzimodzi, maso ali tsinzi, chipewa chili pamtima. Ndidapukusa mpaka pansi, ndipo paliponse adali malume anga.

Malume ndi mlongo wawo wa amayi, katekisiti wopuma. Kwathu kuno chinthu sichiyamba popanda pemphero, ndipo pemphero siliyamba popanda malume. Ngakhale mpira wa ana, iwo amatulukira pa njinga atavala jekete lawo lakhofi lomwe lija. Akangoti m'dzina la Atate, agalu amagona pansi chifukwa amadziwa. Amayambira pa Adamu, n'kudutsa m'Aigupto mosafulumira, n'kudzatchula odwala a m'mudzi uno nyumba ndi nyumba. Ine chizolowezi changa n'choti akaimirira, ndimaloza kamera kwa iwo, n'kuisiya pa miyendo yake, nanenso n'kutsinzina ngati mwana woleredwa bwino.

Ndidakwera nayo laputopu kumtunda kwa sukulu komwe netiweki imagwirako, nkhungu ili tolo, zala zitauma ndi chisanu. Poyamba ndidayesa kutsegula mafayilo amodziamodzi. Iliyonse inkazungulirazungulira kanthawi, kenako malume n'kutsegula pakamwa. Bandulo idatha tisanatuluke m'munda wa Edene. Ndidakwiya mpaka kuitukwana laputopu mayina amene mphunzitsi sayenera kuwadziwa. Ndikadawauza chiyani amayi?

Mawa lake ndidawerenga malangizo a kapulogalamuko, amene ndikadawerenga kalekale. Nkhani idali poyera. Fayilo ikakhala yaikulu, kalaliki saionera yonse, amangolawa koyambirira n'kugamula. Ndi mmene amachitira apaulendo pa Chimbiya, kuona kachewere wapamwamba pa ndowa n'kukhulupirira kuti pansi ndi yemweyo. Tsono pamwamba pa ndowa zanga zonse padali jekete limodzi, mawu amodzi ndi Adamu mmodzi. Makina sadalakwe kwenikweni, adangotopa msanga ngati ena tonsefe.

Ndidaimitsa kufufuta kuja, n'kupeza poti n'kuuza kalaliki adumphe koyambirira asanalawe. Ndidamuuza adumphe pang'ono, n'kumusiya abwereze ntchito. Adabwera ndi malume. Ndidawonjezera. Apa mipira ndi misonkhano zidatuluka n'kulowa m'mafoda ake. Nditawonjezeranso, maubatizo ndi maukwati a eni adayamba kuonekera, mitu ya akwati ili nyezinyezi. Koma wa mng'ono wanga sudaoneke, ndipo ku zobwereza kudatsalabe kagulu ka mafayilo ouma mutu.

Ndidaganiza zokafunsa gwero la vuto. Ndidawapeza malume akupalira kabichi kudimba kwawo.

"Malume, kodi pemphero lanu limatalika bwanji?"

Adaimika khasu. "Iwe, ukufuna kuyeza pemphero ngati nsalu?"

Ndidawafotokozera zonse mwaulemu, ndikuluma milomo kuti ndisaseke. Ndinkayembekeza kuti akhumudwa, koma nkhope yawo idawala.

"Ukuti makina a kunja andizindikira?"

"Akuzindikirani kwambiri, malume. Akuti m'Dedza muno mulibe munthu wina koma inu."

"Ali ndi nzeru makinawo," adatero, n'kukonza kolala. Kenako adandilangiza ngati mwana wa kalasi ya ubatizo. "Pamsonkhano ndimangopatsa moni Mulungu. Paukwati wa eni ndimapempherera mbali zonse ziwiri. Koma zikakhala za pamtundu pathu, ndimatchula ndi amene adatsogola omwe, mmodzimmodzi. Ungasiye agogo ako panja?"

Ndidabwerera ndikuthamanga. Ndiye kuti mafayilo ouma mutu aja adali a pabanja pathu, kumene malume amamasuka. Ndidasiya zodumphadumpha, n'kumuuza kalaliki kuti azilawa pakati penipeni pa fayilo. Sindikadayenera kukaikira, komabe ndidapemphera chamumtima kuti pakatipo pasakhalenso malume. Patapita kanthawi foda ya maukwati idalandira mlendo. Kachithunzi kake kadali bambo, mkono uli m'mwamba, taye itakhotera paphewa. Ndidalira pomwepo kumtundako, mbuzi zikundiyang'ana.

Tsiku la chiliza, titabwerako kumanda ndipo alendo atadya, tidalowa m'nyumba ya amayi n'kutseka makatani. Ndidaika laputopu pa tebulo. Malume adakhala kutsogolo ngati mwini filimu. Vidiyo itayamba, iwo a m'kanema adaimirira n'kuvula chipewa, ndipo ine chala chidapita chokha pokankhira kutsogolo.

"Usadumphe," adatero amayi.

"Amayi, kuvina kuli kutali. Batire ingatithere."

"Ndati usadumphe. Tikuthamangira kuti?"

Malume adandiyang'ana mopambana. Ndidabweza dzanja, n'kukonzeka kuvutika kawiri ndi pemphero limodzi. Gawo limeneli ndidali ndisanalionepo, pakuti pokonza sidi ija ndidalidula osayang'ana n'komwe.

Kumbuyo kwa malume, pa tebulo la makolo, amayi ndi bambo ankaoneka bwinobwino, mitu ili pansi. Tili cha ku Nyanja Yofiira, bambo adatsegula diso limodzi. Adayang'ana uku ndi uku. Ataona kuti holo yonse yatsinzina, adatambasula dzanja n'kutola chiwindi cha nkhuku m'mbale ya mlamu wawo wopempherayo, n'kuchiponya m'kamwa. M'nyumba mudaphulika phwete. Mng'ono wanga adagwa pa mpando.

"Ndinkadabwa!" adakuwa malume. "Ndinkadabwa ine kuti nkhuku yanji yopanda chiwindi!"

Bambo a m'kanema adatafuna modekha ngati munthu wosinkhasinkha Mawu. Kenako adatembenukira kwa amayi. Duku la amayi lidali litasendera kumbuyo, ndipo mphepo ya pakhomo inkawaomba paphewa. Bambo adalikonza dukulo ndi zala ziwiri, pang'onopang'ono kuti asawadzidzimutse, n'kukweza shawelo imene idatsetsereka. Atatero sadatsinzinenso. Adangokhala akuwayang'ana akazi awo, malume akutchula akufa athu mmodzimmodzi, mpaka pa ameni.

Kuseka kudatha kokha. Amayi adakweza dzanja n'kugwira duku lawo kumbuyo.

"Ine ndinkayesa ndi mphepo," adatero motsitsa.

Nyimbo za perekaniperekani zidayamba kulira m'laputopu, bambo akuimirira kuti akavine.

"Bweza," adatero amayi.

"Kuvina ndi kumeneku, amayi, kwayamba."

"Ndakuona. Bweza kupemphero."