Kukapempha Mbewu ku Alexandra

Ndinanyamuka ku Berea Loweruka m'mawa. M'chikwama ndinaikamo timatumba ta pepala, chingwe ndi paketi ya shuga, chifukwa kwathu ku Ntchisi kwa akulu sitipita chimanjamanja. Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi anatulutsa mutu m'bulangeti.

"Tayi ku Alex? Ukukafunsira mbeta kodi?"

Tayiyo ndinaivulira pa masitepe.

Ine ndikuphunzira za mbewu pa yunivesite ina muno mu Joni, ndipo ndangoyamba kumene digiri yachiwiri. Kufikira tsikulo ntchito yanga inali kutsuka miphika ya mbande ndi kuthirira mbewu za anzanga. Tsiku lina kutchalitchi mayi wina wogwira ntchito ya m'nyumba ku Sandton anandiuza za a Nkhoma a ku Alexandra. Bambo awo anabwera ku migodi kalekale atanyamula chimanga cha makolo cha ku Dedza, ndipo banjalo lakhala likuchibzala kuseri kwa nyumba chaka ndi chaka. Chimanga chakwathu chimene chazolowera mphepo ndi matalala a kuno! Ndinawauza a Dokotala amene amatiyang'anira. Iwo anati ndikabweretsa mbewu yokhwima adzandipatsa malo m'nyumba yagalasi yomeretsera mbewu, ndichite kafukufuku wangawanga. Ndikalephera, ndibwerere ku miphika.

Ndinayenda wapansi mpaka pokwerera mateksi m'tauni. Ndinagula magwinya awiri, aja ofanana ndi mandasi koma onenepa, kenako ndinakwera teksi, minibasi ya kuno, ya marandi makumi awiri. Tinadzera msewu wa Louis Botha, kudutsa magaraji ndi masitolo a mipando yakale. Pafupi ndi Wynberg ndinaona mapesi angapo m'mbali mwa msewu, masamba ali chikasu. Mosazindikira ndinalankhula ndekha kuti akusowa chakudya m'nthaka. Mayi amene ndinakhala naye pampando anandiyang'ana, n'kunena m'Chizulu kuti nayenso akusowa chakudya, ndimugawire gwinya limodzi. Ndinamupatsa onse awiri.

Ndinatsika pa Pan, potsikira mateksi ku Alex, cha m'ma leveni. Nyumba zagalasi za ku Sandton zimaoneka pafupi ngati ungazigende, koma pamene ndinaima panali malata, mawaya a magetsi opingasana ndi fungo la nyama yootcha. Anzanga anali atandichenjeza kuti ndisamalankhule Chichewa mokweza kumeneko poti ena safuna anthu a maiko ena, choncho njira ndinkafunsa monong'ona. Dzina la Nkhoma palibe amene analidziwa, mpaka wosoka nsapato wina anati, "Ooh, Bra Nyasa! Geti lobiriwira."

A Nkhoma ndi bambo wa imvi, wamtali, amene anapuma pa ntchito yokonza mabasi. Anabadwira momwemo ku Alex, ndipo ku Malawi sanapondeko. Chichewa chawo n'chosakaniza.

"Ngena, mwana wa kwathu, lowa! Lindiwe, mpando wa mlendo!"

Anandikhazika kuseri kwa nyumba. Pamenepo ndinachiona chimanga chija. Mapesi ambiri anali atadulidwa kale. Otsala anali asanu ndi anayi, lililonse ndi chisononkho chimodzi, ataima pakati pa mulu wa njerwa ndi mulu wa mchenga.

Kwathu mlendo sayamba yekha kunena chimene wabwerera. Amapereka moni, amamwa madzi, n'kudikira eni khomo amufunse malonje. Ndinapereka shuga ndi manja awiri, ndinapinda miyendo, n'kuyamba kudikira.

A Nkhoma anandifunsa ngati phiri la Dedza lilidi lalitali monga ankanenera bambo awo. Anafunsa za mbatatesi. Anafunsa ngati a ku Ntchisi timavina gule. Kenako anaimirira, n'kupita pa phesi loyamba. Thyo!

"Mlendo wa kwathu ayenera kulawa chimanga cha kwawo," anatero akuchisenda, n'kuchiika pa mbaula.

Maso ake anali oyera, olimba, ndi madontho ofiirira apa ndi apo. Ndinadya. Kukoma kwake sindinama, chinali chotsekemera kuposa chilichonse chimene ndadya mu Joni. Ndinayamikira, ndipo pamenepo ndinadzipalira moto, chifukwa anathyola chachiwiri.

Lindiwe, mwana wawo wamkazi amene amagwira ntchito pa sitolo ya mankhwala, anabwera ndi tiyi.

"Idyani, bhuti," anatero, kunditcha mchimwene m'Chizulu. "Lero tikumaliza chonse. Lolemba amisiri akuyamba kukumba, pano pakhala chipinda cha lendi."

"Nanga mbewu ya chaka chatha?" ndinafunsa motsitsa mawu.

"Makoswe anachita phwando," anayankha a Nkhoma akuseka. "Ndiponso tikabzala kuti? Padenga?"

Anathyola chachitatu. Ndinachilandira ndi manja awiri. Ndinkatafuna uku ndikuwerenga mapesi. Mumtima ndinkati akamaliza nkhani iyi andifunsa. Nkhani inatha, inayamba ina, ya mpira. Chachinayi chinapita pamoto, nachonso ndinadya, chifukwa chakudya cha akulu sakana.

Atatambasula dzanja pa phesi lachisanu, ndinapezeka ndaimirira.

"Bambo, ndapota nanu, musathyole!"

Mawu anatuluka okweza moti mayi woyanika zovala kuseri kwa mpanda anasuzumira. Ndinagwada pafupi ndi mbaula n'kufotokoza zonse mothamanga, za yunivesite, za a Dokotala, za nyumba yagalasi.

"Hawu!" anatero a Nkhoma. "Ndiye iwe wakhala ukudya mbewu yako? Bwanji sunakhulume?"

"Ndimadikira mundifunse malonje."

"Malonje ndiye chiyani?"

Nditalongosola, anaseka mpaka kutsokomola. Anati tsopano akumvetsa chifukwa chake alendo a bambo awo ankakhala tsiku lonse osanena kanthu.

"Thyola zisanuzo upite nazo," anatero.

Ndinawauza kuti sizingatheke. Chimangacho chinali chidakali ndi mkaka, ndipo chouma motero sichimera bwino. Chimafunika chikhale pa phesi milungu ina itatu, mpaka makoko ayere ndipo kunsi kwa diso lililonse kuoneke kadontho kakuda.

"Ayi, bhuti," anatero Lindiwe. "Amisiri tapangana nawo kale, wolowa m'chipindacho akudikira. Ine ndili ndi mwana wa sukulu. Sindingaimitse nyumba chifukwa cha mapesi asanu."

Sindinamutsutse, chifukwa ankanena zoona. Ndinangoyang'ana pansi. A Nkhoma nawo anayang'ana mwana wawo, monga amachitira munthu amene pakhomo pake salamulanso yekha.

Lindiwe anapita pamene amisiri anakhoma zikhomo. Anayenda motsatira chingwe chawo, n'kuima, manja m'chiuno. Mapesi asanu aja anali mkati mwenimweni mwa chipindacho, kutali ndi mzere wa maziko.

"Eish. Simenti yapansi ndi denga n'zomaliza," anatero. "Makoma azikwera, chimanga chanucho chili mkati. Koma mwezi ukatha ndidula ndekha, mwamva?"

Ndinathokoza kangati sindikukumbuka. Zisononkho zisanuzo ndinaziveka timatumba ta pepala kuopa mbalame, n'kumanga ndi chingwe. A Nkhoma analonjeza kutchera misampha ya makoswe ndi kuyang'anira mawilibala. Anandipempha chinthu chimodzi chokha, kuti pa chikwangwani cha m'nyumba yagalasi ndikalembe dzina la bambo awo, osati nambala yokha. Ndinavomera.

Anandiperekeza mpaka pa geti. "Ukabweranso," anatero, "uyambe kunena pageti pomwe pano chimene wadzera. Kuno ndi ku Joni."

Teksi yobwerera inadzaza msanga, ndipo ndinafika ku Berea dzuwa likupendeka. Njira yonse ndinkaganiza. Zisononkho zisanu n'zochepa pa kafukufuku. A Dokotala adzandifunsa chifukwa chake sindinapeze zambiri, ndipo ndidzayenera kuwauza zoona. Ulemu umene anandiphunzitsa kwathu sindiutaya, koma ndaona kuti umayenda bwino pamene winayo akudziwa mbali yake. Pamene sakuidziwa, munthu uyenera kutsegula pakamwa. Ndinakwera masitepe a nyumba yathu pang'onopang'ono, nditakhuta kwambiri, pafupifupi theka la kafukufuku wanga lili m'mimba.