Ndevu za Nyumba Yathu

Anandilanda bambo anga, ndipo owalandawo ndi madenga a anthu ena. Bambo anali mmisiri womanga nyumba. Bungwe lina litaona kuti nyumba zomanga iwo sizisasuka ndi mphepo, linawatenga kuti akatsogolere amisiri okonza sukulu ndi zipatala kummwera, kumene namondwe anawononga. Anachoka atangofolera malata nyumba yathu yatsopano, ntchito imodzi isanathe.

Pamwamba pa khoma pankalendewera mawaya okhuthala amene anawakwirira m'njerwa pomanga. Iwo ankawatcha ndevu za nyumba. Ndevuzo zimayenera kukulunga matabwa a denga n'kuwamangirira kukhoma, chifukwa msomali wokha mphepo imauzula ngati chinangwa cha pamchenga. Galimoto yodzawatenga inafika asanazimange. "Wina asazikhudze, andiwonongera," anawauza amayi. Kenako anandiloza ine. "Iwe, uzilondera. Ndibwera mvula isanagwe."

Mwana wa ku Salima akaona waya amaona galimoto. Chilimwe chimenecho anzanga onse ankapinda magalimoto a mawaya, ndipo waya wabwino m'mudzi monse anali pakhoma pathu. Ankabwera ndi pulayala yobwereka, mango ali m'manja. "Aise, ndevu imodzi yokha, nyumba simva kuwawa." Ndinawathamangitsa ndi miyala mpaka anasiya kubwera, n'kunditcha Alonda. Amayi ankalawirira kuganyu m'minda ya mpunga ku Chinguluwe. Ine ndikaweruka kusukulu ndinkakhala ndekha pakhonde, malata akulira ndi kutentha, mphepo ikubweretsa utsi wa m'minda ndi fungo la usipa wa pathandala. Patali ndinkamva anzanga akulira ngati injini pamsewu wa ku Khombedza. Minibasi ikaima ndinkadzuka kuyang'ana wotsika, n'kukhalanso pansi.

Mitambo itayamba kuda, amalume anabwera ndi makwerero. Amayi anawaletsa. "Ayi achimwene, eni ake anati tisakhudze." Amalume anangosanjika miyala pamalata n'kumapita. Pafoni bambo ankati abwera sabata yamawa. Sabata yamawayo ndinawamva pawailesi ya aneba akulangiza dziko lonse kuti kuika miyala padenga n'kudziika pangozi, anthu amange madenga awo ndi waya. Ankalankhula bwino kwambiri.

Mphepo inabwera masana, patsogolo pa mvula yoyamba, nkhuku zikuthawira m'khitchini. Denga linanyamuka lonse ngati chivundikiro cha poto n'kukagwa m'munda mwa aneba. Mwala umodzi unagwera m'nyumba n'kuthyola phewa la amayi. Mvula itakata ndinazungulira khoma lonse. Ndevu zinali zonse, zikudontha madzi, palibe ndi imodzi yomwe yosowa. Ndinalondera bwino.

Phewalo silinalolenso khasu, ndiye kumpunga ndinapita ine, sukulu n'kuthera pomwepo. Anzanga aja sindinagwirizane nawonso, ndipo mpaka lero ena amandiitana Alonda. Bambo tsopano ndi abwana, ali ndi galimoto yeniyeni ndi banja lina, amatumiza moni pa Khirisimasi. Anthu amati ana ambiri amaphunzira pansi pa madenga olimba chifukwa cha iwo. Sindikutsutsa, koma musandiuze kuti ndiziwanyadira. Ndalama zawo sindizifuna. Ngongole yawo kwa ine ndi yochepa ndipo sanaibwezebe: makwerero, pulayala, ndi masana amodzi okha.