Tsiku limene ndinathyola loko wa bwana

Chimene chinandidzidzimutsa ndi bata. Ana awiri m'shopu, koma zii.

Ntchito ya m'shopumo anandipezera ndi mayi wina wa kutchalitchi, nthawi ija aliyense ankathamangira kumigodi. Bambo a Tadala nawonso ankakwera ndege kupita kumgodi, kukakhala masabata, ine ndekha ndi ana ku Morley, mumzinda wa Perth ku Australia. Mwini shopuyo, mzungu wachikulire, ankagulitsa zitsulo zakale za kumaiko a Chisilamu: mbale zamkuwa, nyale, mabokosi, ndi maloko opanda kiyi. Loko wotere amakhala ndi timphete tolembedwa zilembo za Chiarabu. Ukatitembenuza mpaka zilembo zoyenera zitayang'anizana, amatseguka. Ine yanga inali kupukuta: thonje, kamswachi kofewa, phula pang'ono. Sitiliwulu ayi, sopo ayi, ndipo timpheteto osatitembenuza.

Bwana anati ana ndizibwera nawo, palibe vuto.

Tsikulo ndinapeza Tadala, wa zaka zisanu, ataima pafupi ndi bokosi lalikulu lamatabwa, manja kumbuyo.

"Mng'ono wako ali kuti?"

Anandiyankha m'Chingerezi chake chija kuti akusewera chibisalirano. Anali atamulowetsa Yamikani m'bokosimo, kutseka loko, n'kutembenuza timphete. M'katimo ndinamva timawu, "Mama!"

Ndinakuwa. Bwana anabwera, kugwada, kuyamba kutembenuza pang'onopang'ono, magalasi ali pamphuno. Koyamba loko anakana. Kachiwiri anakananso. Kutentha kwake kwa ku Perth, m'shopu mulibe ndi kamphepo komwe, kulira kuja kukucheperachepera. Ndinatola chitsulo chozulira misomali, iye n'kundigwira dzanja.

"Dikira. Loko ameneyu ndi wakale kwambiri, wina sangapezekenso."

Ha! Mwana wanga akubanika, iwe ukuwerenga zaka za chitsulo? Ndinamukankha. Ndinalowetsa chitsulocho kuseri kwa loko, kukanikiza ndi thupi lonse, thabwa n'kung'ambika. Yamikani anatuluka thukuta lili kamukamu, atadzikodzera. Bwana osamuyang'ana n'komwe. Anali kalikiliki kutola timphete pansi.

Munthu akamati palibe vuto, uyambe waona chimene iye amachikonda.

Sindinabwererekonso. Ndinakagogoda kwa mayi wa ku Zambia woyandikana nafe, tinapangana: iye akamapita kuntchito kuchipatala cha ku Murdoch, ana ake kwa ine, ine ndikapeza kokolopa, anga kwa iye. Kenako ndinatenga sikuludiraiva n'kumasula chivundikiro cha thiranki yathu yochokera kumudzi, kukachitaya kubini. Bambo a Tadala atabwera anafunsa.

Ndinati zovala sizithawa.