Nkhope ya Mabvuto

Aliyense wogula nsomba pamsika wa ku Kafue Estates amawadziwa Ba Felistus Mwanza, ndipo ambiri amawaopa. Ungoyerekeza kunena kuti nsomba zawo zagona, akusambwadza mpaka uiwale chimene unadzera. M'mawa uliwonse amadikira anthu a njinga ochokera ku Chanyanya, ndipo palibe amene anawanyengapo ndi nsomba ya dzulo.

Koma sanayambire pansomba. Bambo awo anachoka ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji, iwo n'kubadwira konkuno. Ali mtsikana analowa ntchito yoluka nsalu pafakitale ina, ndipo kumeneko anakumana ndi Mabvuto, makaniko wamtali wosakonda zolankhula. Anthu ankaseka kuti m'nyumba imeneyo pakamwa ndi pamodzi basi, pa mkazi.

Kenako dziko linatentha. Ufa unakwera mtengo, anthu anatopa ndi chipani chimodzi, antchito n'kuyamba kuguba m'misewu. Boma linasintha, ntchito ya pafakitale ija inatha, ndipo pasanathe zaka zitatu Mabvuto anamwalira ndi chifuwa. Maliro atangotha abale ake anabwera ndi lole n'kusesa nyumba yonse, mpaka sutikesi imene munali zithunzi za ukwati.

Za mipando ndi wailesi Ba Felistus anazitaya kalekale. Chimene chimawadya mtima n'chakuti nkhope ya mwamuna wawo inawathawa. Amakumbukira fungo la girizi, amakumbukira mmene ankatsokomolera akafika pakhomo, koma akatsinzina kuti amuone, pamangoti mbuu. Amamusowa kwambiri. Ana awo akafunsa kuti adadi ankaoneka bwanji, amangoti anali wamtali, n'kuyamba kuwakalipira za mbale zosatsuka.

Mwezi wathawu kunabwera mayi wina wa ku Lusaka wopanga mafilimu, dzina lake Gwendolyn. Mafilimu ake si aja a nkhonya ndi mfuti ayi. Ndi aja oti munthu amangoyang'ana pawindo mphindi zisanu, inu mukudikira kuti mwina achitapo kanthu. Ankapanga filimu yofotokoza mmene kusintha kwa boma kunagwedezera mabanja a ku Kafue, ndipo anali atapeza kanema wakale wa tsiku limene antchito anaguba. Anaitana achikulire kuholo ya tchalitchi Loweruka masana kuti adzamuuze mayina a anthu a m'kanemamo.

Tsikulo Ba Felistus sanayale nsomba, chinthu chimene sachita ngakhale malungo atawagwira. Anavala chitenge chatsopano ngati mtsikana wokaonana ndi chibwenzi, nakakhala pabenchi yakutsogolo. Mawindo anawatchinga ndi mabulangeti. Pakhoma panaoneka msewu wafumbi ndi khamu la anthu ovala maovololo, ndipo holo inayamba kusokosera.

"Uja ni Shadreck! Onani tsitsi, lelo ali na dazi!" anakuwa mkulu wina kumbuyo. Anthu anaseka, ena akupukuta misozi, poti ambiri mwa oguba aja anapita kale.

Ndiye Ba Felistus anamuona. Anali wamtali kuposa onse, akubwera chakumanzere, akuyenda mokoka mwendo pang'ono monga ankachitira. Ba Felistus anadzambatuka.

"Ni ba Mabvuto aba! Ba Mabvuto!"

Munthuyo anayandikira, nayandikirabe. Kutangotsala pang'ono kuti nkhope ioneke bwino, anavula kapusi n'kuphimba kumaso, ndipo anadutsa ali chiphimbire.

Gwendolyn anabweza kanemayo kanayi konse, akumuyendetsa pang'onopang'ono, akukulitsa chithunzi. Patali nkhopeyo inali kadontho chabe, pafupi inali kapusi.

"Pepani, amai," anatero Gwendolyn. "Bambili benze kubisa nkhope nthawi ija. Benze kuyopa kuti mapolisi bazabaona pa TV."

Ba Felistus anapukusa mutu. Mawu aja ogwedeza msika anatuluka aang'ono.

"Beve sibenze kuyopa. Nine ninabauza. Tsiku lija kuseni ninabagwila shati pakhomo, nati mukaona kamera mubise nkhope, musanisiye neka na bana." Anayang'ananso pakhoma. "Bananimvela. Benze kunimvela vonse, baja bamuna."

Anakhala pansi, nakonza chitenge chawo chatsopano pamaondo, n'kupempha Gwendolyn kuti abwezenso kamodzi.