Vinkubala va m'mitondo yanga

Ine mawu anga amveka kutali. Nikaitana ng'ombe kuno ku Bundabunda, na za eni ake zimatembenuka. Sukulu ninangoinunkhiza, koma nkhalango ya mitondo ili kuseri kwa nyumba yanga niidziwa mtengo uliwonse. Mvula ikagwa, masamba akaphuka, m'mitondomo mumadzala vinkubala, mbozi zonona zija timakazinga na kuyanika. Ndiye ndiwo yathu mpaka kukolola. Sititola vonse ayi. Vina timavisiya vitsike, vilowe m'nthaka, ndiyo mbewu ya chaka chamawa.

Apongozi anga, amuna a mwana wanga woyamba, akhala ku Silverest, nchito agwira ku Lusaka. Ninawapatsa malo m'mbali mwa nkhalango, kum'mawa, anabzalapo bulugamu. Chaka china mbozi zobiriwira zinagwa pa mbande zawo. Tsiku Loweruka anafika na chigubu na pampu, nagwada chapatali monga mwa mwambo.

"Atate, musaope, uyu si poizoni. Muli tuzilombo twamoyo tosaoneka na maso. Mbozi ikadya tsamba, tumaipha m'mimba. Njuchi na mbalame situvikhudza."

Mtima unanyamuka. Koma mpongozi sakalipiridwa, olo ukhale na pakhosi ngati panga. Basi ninatembenukira galu wanga amene anagona pansi pa ngolo.

"Iwe galu! Niuze, vinkubala si mbozi? Tuzilombo twa m'chigubu tunaphunzira kuti kusiyanitsa mbozi ya apongozi na mbozi yanga? Nanga mphepo ikachoka kum'mawa, imaima pamalire kuti odi?"

Akazi anga anatulutsa mutu m'khitchini. "Atate ake, galu walakwa chani? Muzagonthetsa mudzi wonse!"

Apongozi sanaseke. Nawonso anayang'ana galu yemweyo, nalankhula motsitsa. "Uwauze atate kuti nikachedwa, mbande zanga zizatha."

"Uwauze kuti mbande za bulugamu zili mbwee ku Chongwe!" ninatero. "Vinkubala vikafa visanalowe m'nthaka, mbewu yake azaigula ku shopu iti? Uwafunse, alumbira kuti tuzilombo twawo situzavipha?"

Galu anayasamula. Kenaka apongozi anati, "Kulumbira siningalumbire. Amene ananigulitsa anangoti tumapha mbozi."

Pamenepo ninasiya galu, ninalankhula nawo mwaulemu. "Apongozi, lindani vitsike. Vikalowa pansi, thirani tsiku lopanda mphepo. Ine nizakunyamulirani madzi."

Analinda, koma nkhope inali yolemera. Mizere ya mbande ya kumapeto mbozi zinaidya mpaka kutsala tumitengo chabe. Mwana wanga anakhala osaniimbira foni mpaka Khirisimasi itapita. Sininapepese, nipepese chani? Ninangotenga khasu, ninakumba maenje atsopano na msana wanga wokalambawu, tinabzalanso.

Mvula yotsatira ninalowa m'nkhalango m'mamawa. Nisanayang'ane kumwamba ninamva kale tumatuvi twa vinkubala tukugwa pa masamba ouma, waa, ngati mvula yowaza. Mitondo yonse inali yodzala. Ninakuwa mpaka akazi anga anathamanga, poganiza kuti njoka yaniluma.

Lero bulugamu wa apongozi wapitirira denga la tchalitchi. Akabwera nyengo ya vinkubala, amatsitsa ndowa yopanda kanthu m'galimoto, amaiika pafupi na galu, nati, "Uwafunse atate ngati chaka chino viliko."

Viliko. Ndowa imabwerera ku Silverest yodzala.